Disiki ya mavidiyo yasowa nditayatsanso kompyuta, thandizeni

Wamakamera wa ku Kawale: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ine kuno mutu waima. Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, ndipo mavidiyo onse ndimasunga pa disiki ya 2TB imene ili m'kati mwa kompyuta yapatebulo. Madisiki alimo awiri: SSD ya 256GB pamene pali Windows 10 ndi Linux Mint, ndiye iyi yaikuluyi ya mavidiyo okhaokha. Dzulo ndimalumikiza vidiyo ya ukwati wina pa pulogalamu ya Kdenlive, zonse zikuyenda bwinobwino, kenaka magetsi phethi. Atabwera usiku ndayatsa, foda ya /mnt/mavidiyo ndi yopanda kanthu. Ndalowa ku Windows, D:, limene ndi dzina la disikiyi kumeneko, kulibe. Eni ukwati analipira kale, ndipo makadi a mu kamera ndinafufuta chifukwa Loweruka kuli ntchito ina. Kodi disikiyi yapsa?

Aise wa ku Joni: Pepani achimwene, zimenezo ndi za magetsi basi. Lowani mu Disk Management, mupeza malo akuda olembedwa Unallocated, mudine pamenepo ndi batani lakumanja, New Simple Volume, D: ibwerera pompopompo.

Madala a Linux: Ayi ayi, musayerekeze. D: ibwereradi koma ikhala D: yatsopano yopanda kanthu, itakhala pamwamba pa mavidiyo anuwo. Kuyambira pano chilichonse chimene Windows ikupempheni chokhudza disikiyi, kaya Initialize, kaya Format, kaya kukonza zolakwika, kanani. Musalembepo kalikonse. Tiuzeni kaye ziwiri izi: mukayatsa, disikiyo ikumveka kuzungulira mwakachetechete kapena ikugogoda? Nanga mu BIOS ikuoneka, ndi kukula kwake kwenikweni?

Aise wa ku Joni: Chabwino madala, ine ndimanena mmene ndimachitira ndi madisiki a anthu amene za m'katimo alibe nazo ntchito.

Madala a Linux: Awa ali nazo ntchito aise, mwamva za ukwati.

Mayi a Tiyamike: Poti muli ndi Windows ndi Mint pa kompyuta imodzi, ine ndikukayikira Fast Startup. Kuyambira pa Windows 8, mukadina Shut down kompyuta siithima kwenikweni, imangogona ngati ya hibernate, ndipo mapatishoni (zigawo za disiki) a NTFS, mtundu wa Windows, imawasiya osatsekedwa bwino. Linux ikawapeza chomwecho imakana kuwatsegula, kapena imawatsegula oti muzingowerenga osalembamo. Ku ofesi kwathu zinativutitsa mpaka tinazithimitsa pa makompyuta onse. Mutsegule Command Prompt ngati administrator, mulembe powercfg /h off, kenaka muthimitse ndi kuyatsanso.

Mphunzitsi wa ku Dedza: Muonenso deti ndi nthawi mu BIOS. Mu labu yathu makompyuta ambiri ndi akale, kabatire kozungulira kaja ka CR2032 ka pa bodi kanatha kalekale. Magetsi akangothima, BIOS imaiwala zonse, deti n'kubwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo SATA mode imachoka pa AHCI kupita pa RAID kapena IDE. Ina inafika pokana kuyaka, sikirini ya buluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, ife n'kumati disiki yafa, chonsecho vuto ndi kabatire kogula pa golosale.

Wamakamera wa ku Kawale: Zikomo nonse. Sikugogoda, ikungozungulira monga mwa masiku onse. Mu BIOS ikuoneka, 2000GB. Deti ndi lolondola, SATA ili pa AHCI. Za powercfg ndachita, palibe chasintha. Mu Disk Management ndikuona Disk 1 ili ndi tizigawo ting'onoting'ono kumayambiriro, kwinako konse ndi kwakuda, Unallocated.

Madala a Linux: Mayi a Tiyamike maganizo anu ndi abwino, koma ikanakhala Fast Startup, Windows mwini wakeyo bwenzi akuiona D: yake. Wodandaula akanakhala Mint yekha. Za aphunzitsinso zagwa, poti deti lili bwino. Tizigawo ting'onoting'ono mukunenato ndi timene tandiimitsa mutu. Bwererani ku Mint, mutsegule terminal, mulembe izi n'kutitumizira zimene zituluke. Lamuloli limangowerenga, sililemba kanthu pa disiki:

lsblk -o NAME,FSTYPE,LABEL,SIZE

Wamakamera wa ku Kawale: Nazi madala:

sda 238.5G
sda1 vfat 100M
sda2 16M
sda3 ntfs 140G
sda4 ext4 98.4G
sdb iso9660 Linux Mint 21.3 Cinnamon 64-bit 1.8T
sdb1 iso9660 Linux Mint 21.3 Cinnamon 64-bit 2.9G
sdb2 vfat 4.9M

Madala a Linux: Eeh. Achimwene, magetsi tiwasiye, sanalakwe kanthu apa. Magetsi salemba Linux Mint pa disiki ya munthu. Taonani mzere wa sdb: disiki yanu ya 1.8T ikudzitchula iso9660, mtundu wa pa CD, ndipo dzina lake ndi la ISO, fayilo yoikira Mint. Pali munthu amene amafuna kupanga fulashi yoikira Mint, n'kulemba ISO ija pa disiki ya mavidiyo m'malo molemba pa fulashi. Ndani winanso amagwira kompyutayi? Lembani history | grep dd tione ngati wina anagwiritsa ntchito dd, lamulo lokopera fayilo pa disiki mwachindunji.

Wamakamera wa ku Kawale: Kachizindikiro ka Linux Mint ndinakaonadi pambali pa mafoda, ine n'kumayesa n'kakale. History yatulutsa mizere iwiri:

sudo dd if=linuxmint-21.3-cinnamon-64bit.iso of=/dev/sdb bs=4M status=progress
sudo dd if=linuxmint-21.3-cinnamon-64bit.iso of=/dev/sdc bs=4M status=progress

Ndi mwana wa achemwali anga, amene amandinyamulira zipangizo kokajambula. Dzana anapempha kuti apangire mnzake fulashi. Ndamuimbira, akuti anakopera lamulolo pa intaneti mmene linalili, litamaliza anapeza fulashi ilibe kanthu, ndiye anasintha b kukhala c zinatheka. Akuti poti mavidiyo amatsegukabe anaganiza kuti palibe chaonongeka.

Aise wa ku Joni: Kkkkk mwanayo akagone kwa agogo ake sabata ino.

Mayi a Tiyamike: Musamukalipire kwambiri. Malangizo ambiri a pa intaneti amalemba /dev/sdb ngati chitsanzo, poganiza kuti aliyense ali ndi disiki imodzi, ndiye fulashi ndi yachiwiri. Pa kompyuta ya madisiki awiri, sdb ndi disiki yanu yachiwiri, ndipo dd siifunsa kuti mwatsimikiza kapena ayi. Koma madala ine chandizunguza ndi ichi: anazichita dzana, bambowa agwira ntchito dzulo tsiku lonse pa disiki yomweyo. Zatheka bwanji?

Madala a Linux: Funso limeneli ndiye mutu wa nkhani yonse, ndipo likukhudza anthu ambiri amene amabwera muno n'kumati ndinangoyatsanso kompyuta patishoni n'kusowa. Kuyatsanso sikuononga patishoni. Kumangoulula zimene zinaonongeka kale.

Kumayambiriro kwenikweni kwa disiki kuli tebulo lonena kuti patishoni yoyamba yayambira sekita (kamalo kakang'ono ka pa disiki) yakuti kulekeza yakuti, yachiwiri chimodzimodzi. Linux imaliwerenga tebuloli poyaka n'kulisunga mu memori. Patishoni ikakhala kuti ili pa ntchito, kernel, mtima wa Linux, siitaya zimene ikudziwazo ngakhale wina afufute tebulo la pa disiki, imapitiriza ndi za m'mutu mwake. Zili ngati buku la a mfumu lolembamo malire a minda: bukulo litanyowa n'kufufutika, anthu amalimabe bwinobwino malinga a mfumu amene akudziwa malire pamtima alipo. Tsiku limene pakhale a mfumu ena n'kutsegula bukulo, m'pamene pamaoneka kuti mulibe kanthu. Koma chimanga chili m'munda momwemo.

Ndiye dzulo lonse achimwenewa amayendera tebulo la mu memori. Magetsi atathima memori inafufutika, Mint inawerenganso pa disiki, n'kupeza tebulo la ISO: patishoni ya 2.9G ndi ina ya 4.9M. Kwinako ikuona ngati tchire.

Chifukwa chimene kompyuta inayakira osadandaula n'chakuti amene anakukonzerani /etc/fstab, fayilo youza Mint madisiki oti itsegule poyaka, ayenera kuti anaikapo mawu akuti nofail. Popanda mawu amenewo bwenzi itadikira disikiyo mphindi imodzi ndi theka kenaka n'kukugwetserani mu emergency mode.

Wamakamera wa ku Kawale: Nofail ilipodi pa mzerewo. Ndiye mavidiyo alipo kapena apita? Ndiuzeni zoona, tulo sindinatione.

Madala a Linux: Zoona zake ndi izi: 2.9G yoyambirira yapita, ndipo palibe pulogalamu pa dziko lapansi imene ingaibweze, poti pamalopo palembedwa zina. Kuyambira pamenepo mpaka kumapeto sikunakhudzidwe. Funso limodzi lofunika: disikiyi inafomatidwa ndi Windows kapena ndi Mint?

Wamakamera wa ku Kawale: Windows 10, ili yatsopano. Mint ndinaika pambuyo pake.

Madala a Linux: Ndiye mwina muli ndi mwayi waukulu. NTFS imasunga kaundula wa mafayilo onse mu chinthu chotchedwa MFT: dzina la fayilo, foda imene ilimo, ndi malo amene yagona pa disiki. Windows ikamafomata disiki yaikulu, kawirikawiri MFT imaiyambitsa pa cluster 786432. Cluster imodzi ndi mabayiti 4096, mukachulukitsa mupeza 3GiB ndendende kuchokera pamene patishoni yayambira. ISO yanu yalekeza pa 2.9. Yaima pakhomo penipeni. Mnyamatayo akanasankha ISO yokulirapo pang'ono, monga za Ubuntu zatsopanozi zimene zimapitirira 4GB, MFT ikanapita, bwenzi tikukamba za pulogalamu yotolera mafayilo ya PhotoRec ndi mafayilo opanda mayina.

Chachiwiri, ngati disikiyi inali ya GPT, mtundu watsopano wa tebulo la mapatishoni, tebulo lake lili ndi kope lina kumapeto kwenikweni kwa disiki. MBR yakale ija ilibe zimenezi. Tiyeni tione ngati kopelo lilipo:

sudo tail -c 512 /dev/sdb | hexdump -C | head -n 3

Wamakamera wa ku Kawale: Mzere woyamba kumanja kwalembedwa EFI PART. Komanso podikira yankho lanu ndinatsegula GParted, pulogalamu ya mapatishoni ija, kuti ndingoona, yatulutsa kabokosi konena kuti si malo onse a disiki amene akugwiritsidwa ntchito, ikufunsa Fix kapena Ignore. Ndidine Fix?

Madala a Linux: IGNORE. Chotsani dzanja pa mausi.

Madala a Linux: Pepani kukuwa. EFI PART imeneyo ndiye kope lanu labwino, ndipo ndi lokhalo latsala. GParted ikuwerenga tebulo la ISO limene lili kumayambiriro, ikuona kuti ndi la kadisiki ka 2.9G pomwe disiki ndi ya 1.8T, ndiye ikudzipereka kusamutsira kope la tebulo la ISO lija kumapeto kwa disiki. Kumapetoko n'kumene kuli kope lenileni la D: yanu. Mukadina Fix, bodza likalembedwa pamwamba pa zoona. Tsekani GParted.

Wamakamera wa ku Kawale: Ndadina Ignore, ndatseka. Manja akunjenjemera.

Sisi wa ma server: Ndangolowa kumene, ndawerenga zonse. Madala akulondola, koma ndisanamve za gdisk, pulogalamu yobwezeretsera tebulo la GPT, ndikufuna ndimve za kope la disiki yonse. Pezani disiki ina, mukopere sdb yonse sekita ndi sekita, opaleshoni ichitikire pa kopelo. Yeniyeniyo muizule muiike mu kabati.

Aise wa ku Joni: Sisi mukuchulutsa. Disikiyo ndi yamoyo, siikugogoda. Kukopera kumafunika pa disiki yodwala. Munthu ali ndi kasitomala pakhosi, mukufuna akagule 2TB ina ndi ndalama ziti? Angobwezeretsa tebulolo, mphindi zisanu zatha.

Sisi wa ma server: Likanakhala tebulo lokha bwenzi ndikuvomerezana nanu. gdisk imalemba masekita ochepa odziwika, ndipo munthu utha kuwasunga kaye pambali. Koma apa kutsogolo kwa NTFS nako kwaphwanyika: boot sector, sekita yoyamba ya patishoni, yapita, kope laling'ono la MFT limene limakhala chakumayambiriro lapita, mwinanso ndandanda ya foda yaikulu. Pamapeto pake padzafunika chkdsk, lamulo la Windows lokonzera NTFS, ndipo chkdsk siibwerera m'mbuyo. Ntchito yake ndi kusiya NTFS yoyenda, osati kupulumutsa mafayilo anu. Ikaona chinthu chimene sichikugwirizana imatha kuchidula n'kutaya. Ikalakwitsa pa kope, mukoperanso. Ikalakwitsa pa yeniyeni, mukauza chiyani mkwatibwi?

Aise wa ku Joni: Ine ndathamangitsa chkdsk kambirimbiri osataya kanthu.

Sisi wa ma server: Pa disiki imene yathimitsidwa molakwika, inde. Pa disiki imene yadyedwa 2.9G kumutu?

Madala a Linux: Ndili kumbali ya sisi. Si nkhani yogula, ndi yobwereka. Alipo ali ndi 2TB yongokhala ku Lilongwe kuno?

Bambo a Yamikani: Ndili nayo ya 4TB mu kabokosi ka USB, ndi ina ya 2TB yopanda kabokosi imene ndinachotsa mu makina a makamera achitetezo. Zonse zilibe kanthu kofunika. Wamakamera ndipezeni ku inbox.

Sisi wa ma server: Atenge ya 2TB yopanda kabokosiyo, ailumikize ndi chingwe cha SATA m'kati. Zifukwa ziwiri. Kope la GPT limafunidwa pa sekita yomaliza ya disiki, ndiye mukakopera 2TB pa 4TB likathera pakati, gdisk siikalipeza kumapeto. Muyerekeze kaye ndi sudo blockdev --getsz pa madisiki onse awiri, ma 2TB ambiri amapereka 3907029168, manambalawo afanane. Chifukwa chachiwiri ndi timabokosi ta USB timeneti. Tina, makamaka takale ta madisiki opitirira 2TB, timauza kompyuta kuti sekita ndi mabayiti 4096 pomwe disiki yokha imanena 512. Tebulo limawerenga malo m'masekita, ndiye mukapanga mapatishoni disiki ili m'kabokosi kenaka n'kuitulutsa, manambala onse amaloza polakwika ndipo patishoni imaoneka ngati yasowa. Anthu ambiri afomata madisiki abwinobwino chifukwa cha zimenezi, pomwe mankhwala ake kunali kungoibwezera m'kabokosi kake.

Bambo a Yamikani: Iii, ndiye zimene zinandichitikira chaka chatha ndi zimenezo. Ndinaitukwana disiki yosalakwa.

Wamakamera wa ku Kawale: Ndakatenga, Mulungu awadalitse bambo a Yamikani. Nambala yafanana, 3907029168 onse awiri. Koma taonani zodabwitsa: nditailumikiza, yatsopanoyi ndi imene yatenga dzina la sdb, ya mavidiyo yasanduka sdc.

Madala a Linux: Mwachita bwino kuyang'ana musanalembe kanthu. Mayina a sda, sdb, sdc si a disiki, amaperekedwa poyaka malinga ndi imene yapezeka koyamba. N'chifukwa chake mu fstab timalemba UUID, nambala yakeyake ya patishoni imene siisintha poyaka. Pa ntchito iyi musagwiritse ntchito zilembozo n'komwe. Lembani ls -l /dev/disk/by-id/ mupeza mayina okhala ndi mtundu wa disiki ndi serial number imene yalembedwanso pa chipepala chomata pa disikipo. Muwerenge pa chipepalacho ndi maso anu. Kenaka:

sudo apt install gddrescue testdisk gdisk
sudo ddrescue -f /dev/disk/by-id/YAMAVIDIYO /dev/disk/by-id/YOBWEREKA ~/mapu.log

Yochokera imayamba, yolandira pambuyo. Mukatembenuza, mwakopera disiki yopanda kanthu pamwamba pa mavidiyo. Werengani mzerewo kawiri musanadine Enter.

Mphunzitsi wa ku Dedza: Nanga magetsi akathimanso ili pakati? 2TB si ya mphindi khumi.

Sisi wa ma server: Ndiye ntchito ya mapu.log imeneyo aphunzitsi. ddrescue imalembamo pamene yafika. Magetsi akabwera mulembanso lamulo lomwelo, ipitiriza pamene inalekeza. dd wamba bwenzi mukuyambiranso pa ziro. Yembekezani maola anayi kapena asanu, imayamba mothamanga n'kumachedwa chakumapeto, musadabwe nazo.

Adimini: Amene mukutumiza manambala a foni kuti mumabweza mafayilo pa mtengo wotsika, ndafufuta. Thandizani pompano anthu aphunzire.

Wamakamera wa ku Kawale: Mwadzuka bwanji akuluakulu. Yamaliza usiku, rescued 100%, palibe sekita yoipa ngakhale imodzi. Yeniyeni ndaizula, ili mu kabati. Yobwereka ndi sdb tsopano, ndatsimikiza ndi serial.

Madala a Linux: Tadzuka. Tsopano pa kopelo tichotse bodza la ISO kuti gdisk ikakamizike kuyang'ana kumapeto. Inde, tigwiritsa ntchito dd yomwe ija:

sudo dd if=/dev/zero of=/dev/disk/by-id/YOBWEREKA bs=1M count=1

Musaiwale count=1. Tikufufuta 1MiB yoyamba yokha, ndipo mmenemo mulibe chanu, ndi za Mint zokhazokha. Kenaka sudo gdisk pa disiki yomweyo. Idandaula kuti tebulo lalikulu ndi loonongeka koma kope lili bwino. Ikakufunsani, sankhani 1, kugwiritsa ntchito GPT imene yaipeza, osati kupanga yopanda kanthu. Mudine r kulowa kokonzera, b kuti imange mutu wa tebulo kuchokera ku kope, c kuti itenge ndandanda ya mapatishoni ku kope komweko, kenaka p. Mutionetse zimene p yatulutsa musanadine w. Mu gdisk palibe chimalembedwa pa disiki mpaka mutadina w.

Wamakamera wa ku Kawale: Yatulutsa mizere iwiri. Woyamba 16.0 MiB, code 0C01, Microsoft reserved partition. Wachiwiri 1.8 TiB, code 0700, Basic data partition.

Madala a Linux: Imeneyo ndiye D: yanu. Dinani w, muvomere, kenaka sudo partprobe kuti kernel iwerengenso tebulo osadikira kuyatsanso.

Wamakamera wa ku Kawale: sdb2 yabwera, 1.8T! Koma pa FSTYPE palibe kanthu, ndipo mount ikukana.

Sisi wa ma server: Zimenezo timaziyembekezera, musagwe mphwayi. Malire apezeka, koma sekita yoyamba ya patishoniyo, imene imanena kuti ine ndine NTFS ndipo MFT yanga ili pakuti, ikadali ndi zinyalala za ISO. Ku Windows bwenzi ikulemba RAW n'kukupemphani kufomata. NTFS nayo imasunga kope la sekita imeneyi kumapeto kwa patishoni. Tsegulani sudo testdisk, musankhe disikiyo, mtundu EFI GPT, Advanced, muloze patishoni yaikuluyo, Boot. Ikuonetsani mizere iwiri, boot sector ndi backup boot sector. Ngati woyamba uli Bad wachiwiri OK, sankhani Backup BS. Musasankhe Rebuild BS, imeneyo ndi ya pamene onse awiri afa. Mukatero mubwerere pomwepo musankhe Repair MFT.

Wamakamera wa ku Kawale: Zinali momwemo, Bad ndi OK. Backup BS yatheka. Repair MFT yanena kuti ikonza mirror, kope laling'ono lija la MFT, pogwiritsa ntchito MFT, ndavomera. Tsopano lsblk ikulemba ntfs, ndipo UUID ndi yomwe ija ili mu fstab. Koma ndikatsegula foda ikunena Input/output error.

Madala a Linux: Uthenga wabwino uli pakati pa mawu anuwo: yakonza mirror kuchokera ku MFT, kutanthauza kuti MFT ndi yamoyo. ISO siinaifike. Chatsala ndi ndandanda ya foda yaikulu, ndipo fayilo iliyonse mu MFT imadziwa foda imene inachokera, ndiye itha kumangidwanso. Apa musalimbane ndi ntfsfix, dzina lake limanamiza, imangokonza tinthu tochepa n'kusiya chizindikiro choti Windows idzayang'ane. Lowani ku Windows, Command Prompt ngati administrator, chkdsk D: /f, kapena chilembo chilichonse chimene yapatsidwa. Isiyeni imalize ngakhale ioneke ngati yaima.

Aise wa ku Joni: Mwaona, mwafika pa chkdsk yanga yomwe ija.

Sisi wa ma server: Pa kope, aise. Pa kope.

Wamakamera wa ku Kawale: Abale anga. Yalemba mizere yambirimbiri ya recovering orphaned file, ine mtima uli m'mwamba. Itamaliza ndatsegula D: mafoda abwera ndi mayina ake. Awiri ndawapeza mu found.000, ndawabwezera. Ukwati wa sabata yatha wonse ulipo, ndatsegula kanema aliyense mpaka kumapeto, project ya Kdenlive yatsegukanso. Sindikudziwa ndikuthokozeni bwanji.

Sisi wa ma server: Tisanavine, kumbukirani kuti 2.9G ija siinabwerere. chkdsk imayang'ana kaundula, siiyang'ana za m'kati mwa mafayilo. Pali mafayilo amene akuoneka ndi dzina lolondola ndi kukula kolondola, koma m'kati mwake muli zidutswa za Linux Mint. Muwapeze lero, musadzawatulukire tsiku limene mwini wake wabwera kudzapempha kope. Ku Mint, patishoni isanatsegulidwe:

sudo ntfscluster -c 0-760000 /dev/sdb2

Ikupatsani mayina a mafayilo onse amene ali ndi gawo m'dera limene ISO inadutsamo. Onaninso kaye ndi lsblk kuti ikadali sdb2.

Wamakamera wa ku Kawale: Yatulutsa mayina ena oyamba ndi $ amene sindikuwadziwa, kenaka foda ya nyimbo zimene ndimaika pansi pa mavidiyo, ma logo anga akale, ndi mavidiyo atatu a chinkhoswe chimene ndinajambula disikiyi ili yatsopano. Ndayesa kutsegula, VLC ikungokhala chete. Eni ake ndinawapatsa kale zawo pa fulashi nthawi imeneyo, ndiwaimbira ndikakopereko.

Madala a Linux: A $ aja ndi a NTFS mwini wake, asiyeni, chkdsk yawakonza kale. Zoyamba kulowa pa disiki ndi zimene zimakonda kukhala kumayambiriro, n'chifukwa chake zapita ndi zakalezo.

Mayi a Tiyamike: Mnyamata uja mumupangire akaunti yakeyake yopanda sudo, mphamvu za administrator zija. Ndipo mumuonetse USB Image Writer imene imabwera ndi Mint, ndi yongodina, ndipo imaonetsa dzina ndi kukula kwa fulashi musanalembe. Akafuna kuphunzira dd, aphunzire pa kompyuta yopanda maukwati a anthu.

Wamakamera wa ku Kawale: Ndamva mayi. Funso lomaliza: disiki ya bambo a Yamikani ndiyenera kubweza. Ndiye yanga ija ndingoifomata n'kukoperamo zonse kuchokera pa yobwerekayi?

Sisi wa ma server: Osati lero. Mukaifomata lero, ndiye kuti mwatsala ndi kope limodzi lokha, lodutsa mu chkdsk, limene simunaliyang'ane lonse. Yambani mwapereka vidiyo ya ukwatiyo kwa eni ake. Kenaka mudutse m'mafoda a makasitomala amene simunawapatse zawo, mutsegule mafayilo mmodzimmodzi. Mukakhutira, ndiye mubwezere yanuyo, sudo wipefs -a pa dzina lake la by-id kuti chizindikiro cha iso9660 chichoke, mupange GPT yatsopano, mufomate, mukopere ndi lamulo la rsync. Mukafomata UUID isintha, ndiye mukonze mzere wa mu fstab, muyese ndi sudo mount -a musanathimitse kompyuta.

Bambo a Yamikani: Sindikuifuna msanga, khalani nayo mpaka mwezi uthe. Mukamabweza mufufute za makasitomala anuzo, ine sindikufuna kusunga maukwati a eni.